Tifunseni: Kodi buku ndi filimu zingaphunzitse munthu chilankhulo?

Makalata a mwezi uno achokera kwa anthu omwe amaphunzira zilankhulo zakunja mongokonda, popanda mphunzitsi komanso popanda mayeso owadikira kutsogolo. Ena tawafupikitsa.

A Mkonzi, ndakhala ndikuonera masewero a ku Korea kwa zaka ziwiri, pafupifupi usiku uliwonse, mawu a Chingerezi akuyenda m'munsi. Zomwe ndatolapo ndi moni, "zikomo" ndi "ndimakukonda" basi. Kodi mutu wangawu ndi wouma? — Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

Mutu wanu ulibe vuto, achemwali. Zaka ziwirizi mwakhala mukuwerenga Chingerezi, Chikoreya chikungolira chapatali ngati wailesi ya kwa aneba. Maso akapeza tanthauzo, khutu limapita kukagona. Komanso Chikoreya chimaika mneni kumapeto kwa chiganizo pomwe Chingerezi chimamuika pakati, ndiye mawu omwe mukumva ndi omwe mukuwerenga pa nthawiyo sakhala amodzi. Mu 2009 akatswiri awiri, Holger Mitterer ndi James McQueen, anaonetsa anthu a ku Netherlands mafilimu a Chingerezi cha ku Scotland ndi cha ku Australia. Omwe anapatsidwa mawu am'munsi a Chingerezi chomwecho anazolowera katchulidwe kachilendoko, koma omwe anapatsidwa mawu am'munsi a chilankhulo chawo khutu lawo linasokonezeka pa mawu atsopano.

Yambani ndi zilembo. Hangul, kalembedwe komwe mfumu Sejong inakonza mu 1443, kali ndi zilembo 24: zopanda liwu 14 ndi za liwu 10. Sabata imodzi ikukwanirani. Musadalire Chikoreya cholembedwa ndi zilembo zathuzi, chifukwa mukaona "eo" kapena "eu" pakamwa panu patuluka mawu awiri pomwe m'Chikoreya ndi liwu limodzi.

Kenako sankhani sewero lomwe munaonera kale, la nkhani za masiku ano: zapakhomo, kuntchito, m'sitolo. La mafumu akale lisiyeni kaye, kalankhulidwe kake palibe amene amakagwiritsa ntchito pamsika. Dulani chigawo cha mphindi zitatu mpaka zisanu, osapitirira. Chionereni koyamba popanda mawu am'munsi, mungoona zomwe khutu lagwira. Kachiwiri yatsani mawu am'munsi a Chikoreya, muziimitsa chiganizo ndi chiganizo, ndipo mukopere m'kope ziganizo 8 kapena 10 zomwe munthu angazinene tsiku lililonse. Kachitatu yatsani a Chingerezi kamodzi kokha, kuti muone pomwe munasochera. Kachinayi zimitsani zonse. Ntchito yonseyi imadya mphindi 30 mpaka 40, ndipo mphindi zitatu zija zikuphunzitsani zambiri kuposa maola atatu ongoonera. Mukamaliza, onerani sewero lanu mwachizolowezi. Chisangalalocho musachiphe, ndi chomwe chimakubwezerani pampando mawa lake.

Pakompyuta, pulogalamu yaulere ya VLC ili ndi zonse zofunika. Batani la V limasintha mawu am'munsi, la B limasintha chilankhulo chomveka, G ndi H amakankha mawu am'munsi akatsogola kapena akatsalira. Liwiro mutha kulitsitsa kufika 0.75, mukalitsitsa kuposa apo mawu amaphwanyika, khutu n'kuzolowera katchulidwe komwe kulibe. Fayilo ya mawu am'munsi, yomwe imathera ndi .srt, muipatse dzina lofanana ndi la filimuyo n'kuziika pamodzi, idzatseguka yokha. Za bandulo musade nazo nkhawa kwambiri: mawu okha opanda zithunzi, pa 64 kbps, ola lathunthu ndi ma MB pafupifupi 29. Sungani mawu a chigawo chija pafoni muzimvera mu minibasi.

Chomwe chimakhumudwitsa ambiri ndi ichi: ayatsa mawu am'munsi a chilankhulo chomwecho koma sakugwirizana ndi zomwe zikunenedwa. Zifukwa zake ndi ziwiri. Filimu ikakhala yoti anaichotsa mawu ake enieni n'kuikamo ena, omasulira mawu omveka amalondola milomo ya ochita sewero, pomwe omasulira mawu am'munsi amagwira ntchito yawo padera. Chachiwiri ndi malo: mawu am'munsi sapitirira mizere iwiri, ndipo ku Netflix mzere umodzi wa zilembo zathuzi sudutsa zilembo 42, ndiye amadula. Funani filimu yomwe inajambulidwa m'chilankhulocho, ndipo musankhe mawu am'munsi okhala ndi chizindikiro cha CC kapena SDH, omwe amakonzera anthu osamva. Amenewo ndi omwe amayandikira kwambiri zomwe zanenedwa. Mafilimu omwe ma DJ athu amathiramo Chichewa, ngakhalenso masewero a ku India a pa Zee World omwe amalankhula Chingerezi, ndi okoma ndithu, koma chilankhulo chomwe mukufunacho anachichotsamo kale.

A Mkonzi, Chifalansa ndinachisiyira ku sekondale zaka 40 zapitazo. Nditapuma pantchito ndinagula buku la nthano la masamba 400 kwa ogulitsa mabuku akale. Mzere uliwonse ndimatsegula dikishonale. Ndafika tsamba 12 m'miyezi iwiri ndipo mtima wagwa. — Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Bambo, mwasenza thumba la makilogalamu 50 tsiku loyamba kuchira. Bukulo likhale kaye pa shelefu.

Pali kayezedwe kosavuta. Paul Nation, katswiri wa ku New Zealand, anaonetsa kuti munthu amawerenga momasuka, wopanda womuthandiza, akamadziwa mawu 98 pa 100 alionse. Tsamba la mawu 300 likhale ndi mawu achilendo 6 okha. Akafika 15 mutha kuyendabe, koma motsimphina. Akafika 30, ndiye kuti mawu amodzi pa khumi alionse ndi mdima, ndipo simungathe kulota tanthauzo lake chifukwa mawu oyandikana nawo nawonso ndi mdima. Kotero musanagule buku tsegulani tsamba lapakati, osati loyamba, muwerenge mawu omwe simukuwadziwa. Nation yemweyo anapeza kuti buku la nthano la Chingerezi la akuluakulu limafuna mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 (banja limodzi ndi mawu onse ochokera pa tsinde limodzi). Chifalansa cha kusekondale sichifika pamenepo.

Chomwe mukufunika ndi timabuku tofewetsedwa dala. Makampani osindikiza a Hachette ndi CLE International ali nato tambiri, ndipo pachikuto amalembapo mlingo: A1, A2, B1, B2, kutsatira muyeso womwe bungwe la Council of Europe linatulutsa mu 2001. Inu yambirani pa A2 ngakhale muone ngati kukuchepetsani. Werengani timabuku 10 kapena 15 ta mlingo umodzi musanakwere. Mabuku a ana aang'ono si njira yachidule monga ambiri amaganizira. Amadzaza ndi mayina a tizilombo, afiti ndi mawu oseweretsa lilime omwe simudzawafuna.

Dikishonale muichite chonchi. Werengani mutu wonse ndi pensulo m'manja, mawu achilendo muzingowadula mzere kunsi osaima. Mukamaliza, yang'anani okhawo omwe abwera katatu kapena omwe atsekereza nkhani. Kató Lomb, mayi wa ku Hungary yemwe ankagwira ntchito yomasulira m'zilankhulo zoposa khumi, anaphunzira zambiri mwa izo powerenga mabuku a nthano, ndipo ankalangiza zomwezi: usalole dikishonale ikudule nkhani pakamwa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi cha Chifalansa cha m'mabuku. Nthano zimafotokoza zakale ndi nthawi ya mneni yotchedwa passé simple: "elle alla", "il fut". Pakamwa palibe amene amatero. Amati "elle est allée", "il a été". Muzingoizindikira mukaiona, osataya nthawi kuiloweza. Ndipo poti malembo a Chifalansa ambiri satchulidwa, "il parle" ndi "ils parlent" zimamveka chimodzimodzi, kuwerenga kokha kudzakupatsani katchulidwe kanukanu komwe Mfalansa sangakamve. Wailesi ya ku France ya RFI ili ndi pulogalamu ya nkhani ya mphindi khumi, Journal en français facile, ndipo mawu ake onse amawalemba pa intaneti. Muzimvera chala chikulondola mzere.

Baibulo nalo ndi chida chabwino kwa munthu amene analiwerenga kuyambira ali mwana, chifukwa mavesi ali ndi manambala ndipo nkhani mukuidziwa kale. Tengani Uthenga Wabwino wa Marko kapena Genesis, osati makalata a Paulo, ndipo mufune lomasuliridwa m'Chifalansa cha masiku ano. Mabuku aulere a pa tsamba la pa intaneti la Project Gutenberg ndi akale, ndipo m'zilankhulo zina kalembedwe kanasintha: a Chipwitikizi mupezamo "pharmacia" m'malo mwa "farmácia", a Chijeremani "daß" m'malo mwa "dass".

A Mkonzi, chaka chino ndikufuna kuyamba Chipwitikizi, Chisipanishi ndi Chitchaina nthawi imodzi, mphindi 20 chilichonse patsiku. Zitheka? — Mnyamata wa ku Zomba

Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tiyeni tiwerengere limodzi. Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America, Foreign Service Institute, inanenapo kuti munthu wolankhula Chingerezi amafunika maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti agwire bwino Chifalansa, Chisipanishi kapena Chipwitikizi. Maola 900 pa Chijeremani kapena Chiswahili. Maola 2,200 pa Chitchaina, Chijapani, Chikoreya kapena Chiarabu. Awa ndi maola a m'kalasi okha, ndi mphunzitsi, osaphatikiza ntchito yakunyumba. Ola limodzi patsiku, maola 600 ndi chaka ndi miyezi 8. Mphindi 20 patsiku pa Chitchaina, maola 2,200 ndi zaka 18.

Vuto lalikulu pa mndandanda wanu ndi Chipwitikizi ndi Chisipanishi. Ndi pachibale kwambiri, ndipo mukaziyamba limodzi zimathirana m'mutu mpaka simudziwa kuti mawu awa ndi a nyumba iti. "Oficina" m'Chisipanishi ndi ofesi, m'Chipwitikizi ndi galaja yokonzerako magalimoto. "Polvo" kwa Msipanishi ndi fumbi, kwa Mpwitikizi ndi nyama ya m'nyanja ya miyendo 8. Chakudya mukachitcha "exquisito" ku Madrid mwayamikira, mukachitcha "esquisito" ku Lisbon mwanena kuti n'chachilendo chokayikitsa. Yambani ndi Chipwitikizi: katchulidwe kake ndi kovutirapo, ndipo wodziwa Chipwitikizi amamva Chisipanishi mosavuta kuposa momwe wodziwa Chisipanishi amamvera Chipwitikizi. Mulinso ndi poyambira, poti nsapato, mbatata, kapitawo ndi amalinyero tinazitenga kwa iwo omwewo. Chachiwiricho chidikire mpaka mutamaliza buku lathunthu la akuluakulu m'choyambacho, n'kumamva filimu popanda mawu am'munsi a Chingerezi. Apo chilankhulo chimakhala chagwira mizu, ndipo kuchisunga kumangofuna mphindi 15 zowerenga patsiku ndi filimu imodzi pa sabata.

Ngati mtima sukulola kukhala ndi chimodzi, tengani ziwiri zotalikirana, Chipwitikizi ndi Chitchaina, chimodzi chidye mphindi 45, chinacho 15.

Pa Chitchaina muli ndi mwayi womwe Mngerezi alibe. Kusiyana kwa "kola" ndi "khola", "pala" ndi "phala", ndi komwe kuli m'Chitchaina: m'kalembedwe ka pinyin, kolembera Chitchaina ndi zilembo zathuzi, g ndi k wathu, k ndi kh, b ndi p wathu, p ndi ph, d ndi t wathu, t ndi th. Kukweza ndi kutsitsa liwu nakonso si kwachilendo kwa munthu amene amasiyanitsa mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo. Kungoti kumeneko phatikizo lililonse lili ndi kamvekedwe kake mwa anayi, ndipo "ma" atha kukhala mayi, kavalo kapena kukalipira. Chovuta ndi kuwerenga, poti nyuzipepala imafuna zizindikiro pafupifupi 3,000. Mafilimu a ku China pafupifupi onse amabwera ndi mawu am'munsi a Chitchaina, zomwe ndi zabwino, koma onetsetsani kuti ndi Chimandarini, Chitchaina chomwe amaphunzitsa m'sukulu. Mafilimu ambiri a nkhonya a ku Hong Kong omwe tinakulira m'mavidiyo amalankhula Chikantoni, chomwe wa ku Beijing sachimva.

A Mkonzi, anzanga akuti Chiswahili sichifuna kuphunzira, munthu wa Chichewa amangochimva. Zoona? — Mayi wa ku Karonga

Theka lake n'zoona, Mayi. Nyumba, mbuzi, moto, nyama, kufika, kuimba, zonsezi n'zimodzi, ndipo magulu a mayina ndi agwirizanitsi omwe amalizitsa azungu inu munayamwira. Koma pali misampha. "Kuuza" m'Chiswahili ndi kugulitsa. "Nimechoka" sakutanthauza kuti wachoka, akuti watopa. "Kupanga" ndi kusanja zinthu kapena kuchita lendi. Mawu ambiri ndi ochokera ku Chiarabu, monga sita, saba ndi tisa, omwe ndi 6, 7 ndi 9. Nthawi amayamba kuwerenga dzuwa likatuluka, ndiye "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa. Basi ya ku Mbeya yasiyapo anthu pa chifukwa chimenechi. Inu mutha kulumpha timabuku ta oyamba kumene n'kulowa m'mafilimu a ku Dar es Salaam mwezi woyamba womwewo. A ku Nairobi adikire, amasakaniza ndi Sheng, kalankhulidwe ka m'tauni kophatikiza Chiswahili, Chingerezi ndi zilankhulo zina.

A Mkonzi, mawu omwe ndalemba Lolemba, pofika Lachisanu athawa. Kope langa ladzaza koma m'mutu mulibe kanthu. — Wowerenga wa ku Chipata, Zambia

Kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira. Hermann Ebbinghaus anaziyeza kale mu 1885. Kope lili ndi vuto loti mumaona funso ndi yankho nthawi imodzi, ndiye mumadzinamiza kuti mukudziwa. Mankhwala ake ndi kudzifunsa, pa nthawi zotalikirana pang'onopang'ono.

Tengani katoni ya nsapato muigawe zipinda zisanu ndi tizidutswa ta katoni, njira yomwe Sebastian Leitner wa ku Germany anafalitsa mu 1972. Dulani timakadi. Kutsogolo lembani chiganizo chonse chomwe munachipeza m'buku kapena m'filimu, mawu atsopanowo mutawadula mzere, kumbuyo tanthauzo. Chipinda choyamba muzichiona tsiku lililonse, chachiwiri pakatha masiku atatu, chachitatu pa sabata, chachinayi pa masabata awiri, chachisanu pa mwezi. Kakadi komwe mwakhoza kamasunthira kutsogolo, komwe mwalephera kamabwerera ku chipinda choyamba, kaya kanafika pati. Pafoni ya Android, pulogalamu yaulere ya AnkiDroid imachita zomwezi yokha.

Pomwe anthu amagwera ndi kuchulutsa. Timakadi tatsopano 20 patsiku timabala tobwereza pafupifupi 200 patsiku pakapita miyezi, ndipo mukadumpha sabata imodzi mumapeza phiri, n'kusiyiratu. Khumi takwana. Dzina muziliphunzira limodzi ndi kamawu kake: "la table", "o problema", "das Mädchen". Mlendo wophunzira "buku" osaphunzira kuti ndi "buku langa" amadzanena "buku yanga" moyo wake wonse, ndipo inunso mudzamveka choncho kwa eni ake.

A Mkonzi, Chipwitikizi ndimachimva bwino chifukwa cha masewero a ku Brazil, ndawerenganso mabuku anayi. Koma nditapita ku Tete pakamwa panauma, ndipo pomwe ndinayesa anthu anamwetulira. Ndalakwitsa pati? — Bambo wa ku Dedza

Pali zinthu ziwiri apa, Bambo. Choyamba, kumva ndi kulankhula ndi minofu yosiyana. Merrill Swain anaona zimenezi mu 1985 kwa ana a ku Canada omwe anaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri: kumva ankamva ngati eni ake, koma polankhula ndi polemba ankaphonyabe malamulo, chifukwa sankakakamizika kupanga ziganizo zawozawo. Buku ndi filimu zimadzaza nkhokwe. Kutapamo ndi ntchito ina.

Tengani mphindi imodzi ya filimu yomwe mukuimva yonse. Muzilankhula limodzi ndi wochita seweroyo, mokweza, mukumutsalira pang'ono chabe, kasanu kapena kakhumi. Dzijambuleni pafoni mufananize. Madzulo lembani ziganizo zisanu za zomwe mwachita tsikulo, mawa lake muzinene osayang'ana. Mukamaliza mutu wa buku, litsekeni muufotokoze mokweza kwa mphindi ziwiri. Pomwe mwakakamira ndi pomwe pali mawu oti mukawafune. Pojambulapo tcherani khutu pa l ndi r. Kwathu "kulira" ndi "kulila" palibe amene angakutsutseni, koma m'Chipwitikizi "caro" ndi chodula, "carro" ndi galimoto, "calo" ndi chikanga cha kuphazi. Chinanso ndi chizolowezi chathu chotsekera mawu alionse ndi lembo la liwu: "falar" asasanduke "falari".

Chachiwiri ndi chomwe anamwetulira a ku Tete aja. Munawalankhulira Chibrazil. Chipwitikizi cha ku Mozambique chimatsatira cha ku Portugal m'kalembedwe ndi m'malamulo, n'kuwonjezera mawu akeake. Wa ku Brazil amati "estou fazendo", wa ku Tete "estou a fazer". Basi ndi "ônibus" ku Brazil, "autocarro" ku Portugal, "machimbombo" ku Mozambique, ndipo minibasi ndi "chapa". Kadzutsa ndi "café da manhã" ku Brazil koma "mata-bicho" ku Mozambique. Kumva akumvani ndithu, poti masewero omwewo nawonso amaonera. Koma samalani ndi ulemu. M'masewero anthu amaitanana "você" ndi "tu" mwachisawawa chifukwa ndi zibwenzi, abale kapena adani. Kwa wamkulu kapena wa pa ofesi nenani "o senhor", "a senhora", monga momwe simunganenere "iwe" kwa apongozi. Izi zikhudzanso achemwali a ku Area 25 aja: m'Chikoreya chiganizo chopanda mathero aulemu monga "-yo" kapena "-mnida" ndi cha pakati pa anzako apamtima kapena kwa mwana.

Sinthaniko zomvera. Theka la nthawi yanu lipite ku Rádio Moçambique ndi kanema wa RTP África, ndipo muwerengeko nyuzipepala za ku Maputo pa intaneti. Poyeserera funani munthu woti mugwirizane naye kuti kwa mphindi 20 Chichewa chisatuluke, chifukwa mukangopita pa Lizulu kapena ku Ulongwe n'kuyamba Chipwitikizi chokakamira, anthu a kumeneko, a m'boma la Angónia, akuyankhani m'Chichewa chabwinobwino kuti akupulumutseni.